Tsiku limene ndinakafunsa makina za mbatatesi yathu

Ndinanyamuka Lachiwiri m'mamawa, nkhungu itaphimba phiri la Chongoni, zala zitauma ndi chisanu. Kalabu yathu ya alimi inali itakumba mbatatesi matumba makumi asanu ndi atatu, ndipo iyi inali sabata yachitatu ili m'nyumba ya apampando athu, a Kadzamira. Ina inali itayamba kumera. Mavenda ankabwera ndi mitengo yachipongwe, ife n'kumawabweza. Ndiye pamsonkhano anagwirizana kuti ine, monga mlembi, ndipite ku boma kwa msuweni wanga Fulugensio, amene ali ndi shopu yotayipa makalata. Iyeyo anatiuza pamaliro ena kuti kuli makina otchedwa AI, amene ukawafunsa bwino amaunika mmene malonda akuyendera pa intaneti. Palibe amene anamvetsa, koma tonse tinavomera ndi mitu.

Wakabaza wa njinga yamoto anati K2,500 mpaka pamsewu wa tala. Tikudumpha maenje ndinamufunsa ngati amaidziwa AI.

"Amagawa feteleza?" anafunsa.

"Ayi."

"Ndiye sindikuwadziwa, mayi."

Cha m'ma 8 koloko ndinakwera minibasi ya K3,000, anayi pampando wa atatu. Pafupi nane panali mayi wina wa dengu la nsawawa, foni yake ikungolira. Anandiuza kuti iye amangojambula katundu n'kuika pa masamba a mchezo, anthu a ku Lilongwe n'kumaitanitsa.

"Mumajambula zonse?"

"Zonse, ndi dimba lomwe."

Ndinamuyang'ana kawiri. Kwathu munthu sanena zimene wakolola. Ngakhale nkhokwe ikuphulika, akakufunsa umati, "Tapezako tochepa, tongodya ndi ana." Ukatchula nambala, ena amati ukudzitama, ena amayamba kukuwerengera, ndipo za anthu okawa mbewu za anzawo tonse timazikana kutchalitchi koma kumunda timaziopa.

Tinafika ku boma 9 koloko itadutsa, malole a matabwa a paini akutsika kuchokera kuphiri. Ndinamwa tiyi ndi sikono pamsika kuti mano asiye kugundana, kenako ndinalowa m'shopu ya Fulugensio.

"Akazi anga afika!" anakuwa. "Mwandibweretsera mbatatesi kapena njala?"

"Mwamuna wake uti, wopanda ndi mbuzi yomwe?"

Titaseka, anandikhazika pafupi ndi kompyuta. Ine ndinkayembekezera chinthu cha mawaya ndi magetsi ophethira, koma chinali kabokosi koyera kolembamo basi. Anandifotokozera kuti nkhani yonse yagona pa kafunsidwe: ukafunsa mwachidule, nayonso imayankha zosathandiza. Anakopera mauthenga otsatsa mbatatesi amene anawapeza m'magulu a pa foni, n'kuwaika m'kabokosi muja, ndipo analemba m'Chizungu kuti makinawo aunike amene akugula, mmene ogulitsa akutsatsira masiku ano, ndi njira imene ingatiyenere ife.

Yankho linatsika ngati mvula. Fulugensio ankamasulira, ine mutu ukuzungulira: makanema aafupi, zithunzi zowala, nthawi yabwino yotumizira uthenga. Kenako anati, "Ikufunsa. Muli ndi mbatatesi yochuluka bwanji, ndipo ili kuti?"

Pabenchi panali bambo wina wa jekete lachikopa, akudikira mapepala ake. Nkhope yake inali ya venda yeniyeni, ndipo makutu anali atawatchera.

"Tochepa," ndinatero.

"Tochepa bwanji, asuweni?"

"Tongodya ndi ana. Ulembe choncho."

"Nanga malo?"

"Kumtunda kuno."

Fulugensio nayenso anakulira kwathu, choncho sanaone chachilendo. Anatayipa momwemo. Makinawo anayankha mwaulemu, iye anawauza kuti alembe m'Chichewa, n'kundisindikizira masamba awiri. Ndinawapinda bwino, mtima uli m'malo, ndipo ndinadya tchipisi cha pachiwaya ndisanakwere. Tchipisicho chinali cha mbatatesi ya wina amene anagulitsa yake.

Mapepala aja ndinawatsegula m'minibasi yobwerera, cha m'ma 2 koloko. Akuti titsuke mbatatesi kuti iwale pachithunzi. Mbatatesi yotsuka imachedwa kuola? Akuti tiiike m'timapepala tapulasitiki tating'ono, tijambule kakanema, titumizire oyandikana nawo, ndipo tiziwaperekera pakhomo pa njinga. Oyandikana nafe ake ati? Kwathu nyumba iliyonse mbatatesi yafika pansi pa bedi. Ndinawerenganso kuyambira pamwamba, ndikuganiza kuti mwina ndalumpha mzere. Pansi penipeni panali mawu awa: "Malangizowa ndi a munthu amene ali ndi zochepa. Mukanakhala ndi matumba ambiri, ndikanakuunikirani za ogula opikula ndi malo odyera a m'tauni, ndipo njira yake ndi ina."

Ndinafuna kuuza kondakitala kuti aime ndibwerere, koma tinali titafika kale potsikira, ndipo ndalama ya ulendo wachiwiri ndinalibe.

Ndinafika kwa a Kadzamira 4 koloko, anthu atadzaza pakhonde. Kuchokera m'nyumba munkatuluka kafungo kamene mlimi aliyense amakadziwa. Ndinawawerengera zonse, mpaka mzere womaliza uja.

"Ndiye anakufunsani kuti tili ndi matumba angati?" anafunsa apampando.

"Anafunsa."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati tochepa, tongodya ndi ana."

Ndinaweramitsa mutu kudikira kuti andikalipire. A Kadzamira anapumira m'mwamba.

"Mwachita bwino, amlembi. Zinthu zosadziwika kwawo sitiziuza zonse."

Anthu onse anavomera, ena mpaka kuwomba m'manja. Ine ndinangokhala, osadziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Ndinayenda ulendo wonsewo kukafunsa nzeru, ndipo makinawo anayankha bwinobwino funso la munthu amene kulibe. Kuseri kwa nyumba, akazi a apampando anali atayamba kale kusankha mbatatesi yoola n'kumaiponya m'khola la nkhumba.