Mahabu a Kagalimoto ka Achimwene

Mvula inali itagwa masiku anayi osalekeza pamene amayi anandiimbira foni. Unali m'mawa, ndikupukuta madzi amene analowera pansi pa chitseko m'nyumba ya aphunzitsi imene ndinkakhala ku Namadzi. Sukulu tinali titatseka, m'makalasi mutadzaza anthu amene nyumba zawo zinagwa.

"Phiri likulira," anatero amayi. "Anthu onse athawa. Tatsala ine ndi abambo ako."

Kwathu ndi m'tsinde mwa phiri, kuseri kwa Boma la Chiradzulu. Abambo anali atadwala sitiroko zaka ziwiri m'mbuyomo, mbali yakumanja inafa yonse, ndipo anali munthu wamkulu thupi. Amayi anandiuza kuti dzulo lake amuna anayi a m'mudzi anayesa kuwanyamula pa chitseko, koma asanafike n'kumjigo komwe mmodzi anaterereka, abambo n'kugwera pa mwala ndi chiuno. Anawabwezera m'nyumba akubuula. Kuyambira pamenepo sankalola kukhudzidwa, ndipo amuna aja anapita kukapulumutsa ana awo. Sindiwaimba mlandu.

"Inuyo tsikani amayi, ine ndikubwera kudzatenga abambo."

"Ndiwasiyire ndani?" Foni inaduka.

Ndinali ndi kagalimoto kakang'ono ka zitseko zitatu, kokoka matayala onse anayi, kamene achimwene anandisiyira popita ku Joni. Ndinkakayendetsa pa tala pokha, kupita ku Limbe ndi kutchalitchi. Kagiya kachiwiri kaja, ka m'matope, ndinali nditakagwirapo kamodzi kokha tsiku limene achimwene ankandiphunzitsa.

Ndinanyamuka nthawi yomweyo. Mpaka pa Boma ndinayenda bwino. Nditakhotera msewu wafumbi, ndinaponya kagiya kaja monga anandiuzira, kanyali kobiriwira n'kuyamba kuphethira. Ndinawoloka kamtsinje kena madzi akumenya zitseko. Kenaka ndinafika pa chitunda chofiira chimene chimakwera kulowera kwathu. Ndili pakati pake, kutsogolo kunamveka kuti khrrr, khrrr, ngati munthu akupala poto ndi mwala. Galimoto inaima. Matayala akumbuyo ankazungulira n'kumamwaza matope, akutsogolo ali duu. Ndinaponda mafuta mpaka kununkha. Galimoto inayamba kubwerera cham'mbali, n'kukatsamira m'ngalande.

Ndinaitseka, n'kuyamba wapansi. Ndinayenda pafupifupi maola awiri, nsapato zili m'manja. Anthu amene ndinkakumana nawo ankatsika, atasenza mabulangete ndi nkhuku, ndipo aliyense ankandifunsa kuti ndikupita kuti.

Ndisanalowe m'nyumba, amayi ananditengera kuseri. Pamwamba pa munda wathu wa nandolo nthaka inali itang'ambika, mng'alu wautali woti mwendo n'kulowa mpaka m'bondo. Mitengo ya bulugamu ya m'malire inali itapendekera kunyumba. M'chipinda, madzi ofiira ankatumphuka pansi penipeni, pafupi ndi mwendo wa bedi.

Abambo anandiyang'ana ndi diso lawo limene linatsala labwino. Chidwalireni mawu awo ankatuluka olemera, koma ndinawamva.

"Tenga amako. Pita."

"Ndikutengani nonse, abambo. Galimoto yangotitimira pang'ono."

Ndinayesa kuwadzutsa ndi amayi. Anakuwa mokuti ndinawasiya msanga. Panalibe njira ina koma kuwagoneka chogona m'galimoto, ndipo galimotoyo inafunika kufika pakhomo penipeni. Ndinapempha amayi kuti titsikire limodzi, tibwerenso mawa. Iwo anangopitiriza kukapa madzi ndi mbale.

Ndinabwerera ndekha. Amuna ena amene ankatsika kuphiri anandithandiza kukankhira galimoto mumsewu, ine n'kuitsitsa chobwerera mpaka pa kamtsinje. Pa Boma ndinagogoda paliponse. Magalimoto aakulu onse anali atapita kumidzi kumene phiri linagumukira kale, kukafukula anthu. Mwini lole wina anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mayi, chitunda chimenecho lero n'thirakitala yomwe singakwere." Ndinafika ku Namadzi dzuwa litalowa, ngakhale dzuwalo sitinalione tsiku lonse.

Kutacha ndinalawirira ku galaja ya bambo wina wachikulire wa Chiyao, kuseri kwa msika. Ndinkawadziwa chifukwa ana awo awiri anadutsa m'manja mwanga ku sukulu. Ndinawapeza okha atakhala pa tayala, mvula ikudontha m'malata. Antchito awo sanabwere, magetsi anali atazima chiyambireni mvula.

Ndinafotokoza zonse mothamanga. Anagona pa thumba pansi pa galimoto, n'kutuluka ndi kapaipi kakuda kong'ambika.

"Madamu, bwerani muone. Pakati pa tayala lililonse lakutsogolo pali chonga chitini ichi, timati habu. Ndi chimene chimagwiritsa tayala ku chitsulo chochokera ku injini. Anuwa ndi odziloka okha. Mukaponya giya, injini imayamwa mpweya kudzera m'timapaipi iti, habu n'kugwira. Tsono kapaipi kakang'ambika, kamayamwa madzi ndi matope."

"Ndiye tisinthe kapaipiko."

"Kapaipi si nkhani. Mwamva kulira kuja? Mano a m'kati adyeka. Atsopano a mtundu umenewu muwapeza ku Limbe, ngati masitolo atsegula, ngatinso alipo."

Ndinakhala pansi m'madzi momwemo. Sindikumbuka kuti ndinalira, koma iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati nditsatireni. Kuseri kwa galaja kunali chigoba cha galimoto yonga yanga, yakale kwambiri, yopanda injini, udzu utamera m'kati.

"Iyi ili ndi mahabu apamanja. Amenewa safuna mpweya. Mumatsika nokha, mumapotokola ndi dzanja, akagwira agwira. Mabowo ake ndi ofanana ndi anu. Koma akhala pamvula zaka zambiri, sindikulonjezani. Ndiponso ndilibe wondigwirira."

"Ndilipo ine."

Ndinamanga chitenje m'chiuno. Habu iliyonse inali ndi mabawuti sikisi. Yoyamba inatuluka bwino, kachogwirira kake kankazungulira ngakhale molimba. Yachiwiri inali itauma gwa ndi dzimbiri. Anaimasula zidutswazidutswa, n'kundipatsa beseni la dizilo ndi mswachi wakale kuti nditsuke chilichonse, ndisasokoneze ndondomeko yake. Ndinayala tizitsuloto pa nyuzipepala. Kasipuling'i kena kanandipulumuka n'kugwera m'matope, ndipo ndinakafufuza chogwada, ndi zala, mpaka ndinakapeza. Dizilo ankandiwawa m'mabala a kumapazi ndi m'zikhadabo.

Ndinkaimba foni ya amayi mphindi zilizonse. Cha m'ma teni inalowa.

"Khitchini yagwa," anatero. "Mwala watsika usiku, wadutsa pakhola. Foni ikutha moto, usamaimbeimbe."

Pamenepo n'kuti bambo aja akulimbana ndi mahabu akale a galimoto yanga. Kumanzere anachotsa. Kumanja bawuti imodzi inakana, mutu wake n'kudyeka mpaka sipanala inkangozungulira. Pakanakhala magetsi akanaotcherera kachitsulo n'kuipotokola. Anatenga chitsulo chosongoka ndi hamala n'kuyamba kuigogoda m'mbali, pang'onopang'ono. Ola lathunthu linatha pa bawuti imodzi imeneyo. Ine ndinkangoyenda uku ndi uku.

Itakwana nthawi ya mapemphero a masana, anaika hamala pansi, n'kutenga ketulo ya madzi kukasamba m'manja ndi m'mapazi.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Ndiswali kaye. Sindichedwa."

"Anthu akufa kuphiri, inu mukuti muswali?"

Ndinakuwa ndithu, mpaka amayi ogulitsa makala tsidya lina anatembenuka. Iwo sanakwiye. Anati, "Manja anga akunjenjemera, madamu. Ndikapitiriza chonchi ndithyola bawutiyo m'kati, ndiye kwatha. Inu pakani girizi pa mano awa, pang'ono pokha, musadzaze." Anayala mkeka pakona pouma. Ndinapaka giriziyo misozi ikugwera m'manja. Mpaka lero ndimachita manyazi ndi mawu amene ndinawalankhula.

Atabwerako anagogodanso kwa kanthawi, bawuti n'kutembenuka. Zotsalazo zinayenda msanga. Anapukuta pokhala habu, anadula katoni ya sopo mozungulira kuti ikhale pakati madzi asalowe, n'kulowetsa habu yapamanja mpaka mano atakumana. Mabawuti ankamanga modumphitsa, uku kenaka uko. Timapaipi ta mpweya tija anatitseka ndi timabawuti, n'kumanga ndi waya. Atatero anakweza galimoto pa jeke, anapotokola kachogwirira, n'kuzunguza tayala ndi manja. Chitsulo cha pansi chinazungulira nalo limodzi. Mbali inayo chimodzimodzi.

"Kanyali kaja kazingophethirabe, musakalabadire. Pa tala muzimasula, m'matope muziloka, mbali zonse ziwiri. Mukaloka imodzi yokha mwangodzivutitsa." Anatseka galaja ndi loko, n'kutsegula chitseko cha galimoto. "Tiyeni. Munthu wamkulu simungamunyamule awiri ndi mayi anu."

Tinadzera kunyumba kwanga, tinachotsa mipando yakumbuyo n'kuisiya pakhonde, tinaikamo matiresi anga. Pothera tala anandiuza kuti nditsike ndiloke ndekha. Yakumanzere inalowa. Yakumanja, youma ija, inafika pakati n'kukana. Ndinagwira ndi manja awiri, zala zikuterereka.

"Musaikakamize. Sunthani galimoto pang'ono, mano sanayang'anane."

Ndinaisuntha, ndinatsikanso, ndipo inalowa kuti kha.

Kamtsinje kanali katakwera kuposa dzulo. Iwo anatsika n'kuwoloka wapansi ndi ndodo, madzi m'ntchafu, kundionetsa poponda. Pa chitunda chofiira anati ndiike giya yotsikitsitsa, ndisaponde mafuta kwambiri, ndisaime zivute zitani. Tinayamba kukwera. Pamalo pamene ndinatitimira dzulo, kumbuyo kunayamba kutsetserekera kungalande. Koma kutsogolo kunakoka. Ndinamva m'chiwongolero momwe matayala akukumba, galimoto n'kuwongoka, n'kumakwera ngati kamba. Bambo aja ankangoti, "Choncho, choncho, musasiye."

Tinafika pakhomo cha m'ma folo. Theka la bwalo linali matope ndi miyala, mbuzi zikulira pamwamba pa chulu. Amayi anatuluka atanyowa thupi lonse, milomo itayera.

Tinapinda bulangete pawiri n'kulilowetsa pansi pa abambo pang'onopang'ono. Bambo aja anamanga miyendo ya abambo pamodzi ndi chitenje kuti chiuno chisagwedezeke. Iwo anagwira kumutu, ine ndi amayi kumiyendo. Abambo anakuwa njira yonse kuchokera pa bedi mpaka pa galimoto, ndipo sitinaime. Kagalimotoko kanali kafupi, moti tinachita kugwetsa mpando wakutsogolo kuti mutu wawo ukwane. Amayi anathamangiranso m'nyumba. Ndinawakuwira, ndipo anatuluka ndi jumbo ya mankhwala ndi buku la kuchipatala basi. Anadzipanikiza pambali pa abambo. Bambo aja anasowa pokhala, anaima pa chitsulo chakumbuyo atagwira denga, chitseko chili chomanga ndi chingwe.

Kutsika kunali koopsa kuposa kukwera. Ankandikuwira kuchokera kunja kuti ndisagwire buleki, ndisiye giya igwire yokha. Pa bampu iliyonse abambo ankabuula, amayi n'kumawauza kuti tafika, tafika, pamene tinali tisanafike n'pakamtsinje pomwe. Titaponda tala ndinaima kuti timasule mahabu. Anamasula ndi bambo aja.

Kuchipatala anapeza kuti fupa la m'chiuno linathyoka. Abambo anakhalako milungu isanu, kenaka ndinawatengera ku Namadzi. Phiri linatsika patapita masiku awiri chichokereni ife. Silinakwirire nyumba yonse, linagumula chipinda chogona ndi khoma lakumbuyo, n'kutenga munda wonse mpaka kudambo. Mbuzi ziwiri zinapezeka zamoyo kumudzi woyandikana nawo.

Abambo anakhala nafe chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Sanadzukenso pa bedi, ndipo ankadandaula za phokoso la maminibasi, ankati kwawo munthu amagona. Atamwalira tinakawaika kumudzi, m'chilimwe, msewu uli fumbi lokhalokha. Amayi anakana kubwerera nane. Abale awo anawapatsa malo kumunsi, kutali ndi phiri, ndipo tinawamangira nyumba ya zipinda ziwiri ndi njerwa zimene tinatola pa bwinja lija. Chaka chino adzala chinangwa ndi mbatata, akuti nandolo pamenepo sachita bwino.