Ndinakwecha mfumu ya Aroma ndi phulusa

Amuna a anzanga akamachokera ku Joni amabwera ndi mabulangete, wailesi, ena mpaka njinga yamoto. Anga anatsika minibasi pa Boma atanyamula chindodo chokhala ndi mbale kumunsi kwake. Ati ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka. Ndinangoti, "Zaka zitatu zonsezi, bambo, mwatitengera ichi?" Ndine wapakamwa ine, sindibisa, koma tsiku limenelo mawu ena ndinameza chifukwa munthuyo ndinali nditamusowa.

Timakhala kwathu, kufupi ndi Nzama, iwo ndi akamwini. Ndiye alongo anga awiri anapeza poseka. M'mawa bambowo akavala mahedifoni n'kuyamba kuyendayenda m'munda wa mbatatesi, makina akulira tii tii, alongo angawo ankaima m'malire manja ali m'thumba. "Alamu, lero mwakolola misomali ingati?" Ndipo inalidi misomali. Misomali, zitsekerero za mabotolo, khasu lothyoka, supuni yopanda chogwirira. Tsiku lina anafukula belu la njinga, nkhani yake inafika mpaka kuchigayo.

Bambowo ankaseka nawo, koma ine ndimawadziwa. Tikukumba mbatatesi tsiku lina anandiuza kuti, "Amayi, mvula ikagwa makinawa asanatulutse chooneka, ndigulitsa ndibwerere ku Joni. Sindingakhale choseketsa pamudzi pa eni." Ndinachita mantha. Zaka zitatu ndinalima ndekha, kumaliro ndekha, kuchipatala ndi ana ndekha. Chuma cha m'nthakacho ndinalibe nacho ntchito, ndinkangofuna mwamuna wanga pakhomo.

Kumtunda kwa munda wathu kuli njerwa zakale, pamene akuluakulu amati panali kanyumba kogonamo ansembe achizungu akamayendera midzi. Kumeneko ndi kumene bambo anatola kandalama kachitsulo, kolemera, kobiriwira ngati ndere. Atapukuta ndi chala panaoneka mutu wa munthu wa mphuno yaitali, atavala nkhata ya masamba, zilembo zitamuzungulira.

Ndalama za atsamunda, zija zobooka pakati, timazidziwa. Za Apwitikizi nazonso zimapezeka kuno kumalire. Aka sikanali m'gulu limenelo, m'mbali mwake munali mokhotakhota ngati chitumbuwa. Bambowo anakajambula pafoni n'kutumiza kwa aphunzitsi ena opuma a pa Boma, amene anaphunzirako ku seminale ndipo amasunga ndalama zakale. Yankho silinachedwe. Anati kakuoneka ngati ka Aroma, a m'Baibulo aja, ndipo abwera Loweruka kudzakaona ndi maso.

Lowerukalo bambo analawira kukachingamira mlendo kumsewu. Ine ndinasesa, ndinazira khonde, ndinatsuka makapu a alendo. Kenako maso anga anagwa pa kandalama kaja, kali pasosa pawindo, kakuda bii ndi ndere zake. Kwathu kuno mlendo sumuonetsa chinthu chauve. Mayi anga ankati mkazi amadziwika ndi kunsi kwa poto wake, ndipo mapoto anga ine mutha kumetera ndevu. Ndiye munthu wophunzira achoke pa Boma kudzagwira litsiro m'nyumba mwanga? Ndinatenga phulusa, mchenga wa kudambo ndi ndimu.

Ndinakwecha ndikuimba, ndisaname. Zobiriwira zija zinachoka, kunatuluka kufiira kokongola. Ndinaona kuti mphuno ya munthu uja ikuchepa, zilembo zikuzimirira, koma ndinati ndi litsiro lomwelo, ndinawonjezera mchenga.

Mlendo anafika, alongo anga nawonso anabwera kudzadikira zoseka. Titamwa tiyi ndinabweretsa kandalamako pambale yoyera, n'kugwada, mtima uli m'mwamba. Aphunzitsi anatulutsa kagalasi kokuzira zinthu. Anayang'ana, anatembenuza, anayang'ananso chithunzi cha pafoni, kenako anafunsa.

"Wachita izi ndani?"

Bambo anayang'ana zala zanga, phulusa likadali m'zikhadabo. "Ndine, aphunzitsi," anatero. "Ndimafuna muione bwino."

"Akunama awa," ndinatero ine. "Ndakwecha ndine. Nanga ndikanakupatsani chakuda?"

Aphunzitsiwo anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anandifotokozera mofatsa. Kubiriwira kuja sikunali litsiro, ndiko kunali ukalamba wake, ndipo ogula ndalama zakale amayamba kuyang'ana komweko. Kenako amayang'ana nkhope ndi zilembo kuti adziwe mfumu yake ndi nthawi yake. "Mayi, zimene nthaka inasunga mibadwo yonseyi, inu mwachotsa tiyi asanawire," anatero. Anatinso tisaganize za galimoto, ndalama zotere kunja zilipo zambiri. Ndalama yathuyi ikanakhala monga inalili mwina ikanagula mbuzi. Tsopano ngakhale nkhuku anakayika.

Mlongo wanga wamng'ono anayamba kukonza kukhosi kuti aseke, koma aphunzitsi anali asanamalize. Anati chithunzi chija ndi kulemera kwake zikuchitira umboni kuti ndi ya Aroma yeniyeni, mwina wansembe wina anabwera nayo kuchokera kwawo ngati chikumbutso n'kuitaya. Anaiika pachikhatho n'kunena kuti, "Ine ndakalamba, koma chinthu chakale kuposa ichi sindinachigwirepo. Makina anuwa, bambo, si chidole."

Zimenezo sizinandilowe. M'mutu mwanga munali mbuzi imene ndinaipha ndi phulusa. Ndinazemba n'kukakhala kuseri kwa khitchini, ndipo ndinalira, chifukwa ndinaona kuti ulendo wa ku Joni ndaukonza ndekha ndi manja angawa.

Ndili komweko ndinamva mawu a mlongo wanga wamkulu, uja wa misomali, akulankhula motsitsa ngati munthu wopempha mchere. "Alamu, njerwa zijatu zinafikanso m'munda mwanga. Simungadzadutsemo Lolemba?"

"Lolemba ndatanganidwa, alamu," anatero bambo. "Mwina Lachinayi."

Lolembalo analibe chochita chilichonse, ndikudziwa ine.

Ataperekeza mlendo anandipeza ndikadali kuseri kuja, maso ali psuu. Ndinapepesa, chinthu chimene sindichita kawirikawiri. Kenako ndinafunsa chimene chinkandidya. "Nanga za ku Joni?"

Anakhala pamtondo n'kuyamba kuvula nsapato. "Ndipite, makinawa ndisiyire inu ndi phulusa lanulo? Komanso mwamva nokha, Lachinayi ndili ndi ntchito kwa alamu."

Mvula itagwa tinadzala chimanga tili awiri, iwo patsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndi mbewu.