Chala cha a Fainala

Pa tiredingi pathu pano, kufupi ndi Chisemphere, za voti sitichita kuganizira. Chipani n'chomwecho chimene ankavotera makolo athu, ndipo mwana akangokwana zaka amakhala akudziwa kale pochonga. Koma chisankho chilichonse, akamawerenga pasukulu, pamatuluka mavoti atatu a chipani china. Atatu okha, koma mmene anthu amapsera mtima mungati wina waotcha chigafa chodzaza fodya.

Ine ndine Feliya, ndimagulitsa tomato pansi pa mtengo wa mango. Amene anasenza mlandu wa mavoti amenewa ndi a Fainala, ogulitsa zitumbuwa pabenchi yoyandikana ndi yanga.

A Fainala anachokera ku Phalombe ali mtsikana, pamodzi ndi amuna awo a Nelson, kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya wa bale. Esitetiyo itatsekedwa anzawo anakwera malole kubwerera, iwo anatsala, poti kwawo kunalibenso munda wowadikira. Ana anabadwira konkuno, anakula, anamwazikana. Mpaka imvi mbuu, dzina lawo linali lomwelo, obwera.

Mayi amenewa anayesetsa, ine ndi mboni. Nsalu ya chipani chathu anaivala mpaka kuperepeseka. Pamisonkhano ankavina kuposa eni akefe. Pamaliro ndiwo ankayamba kufika, nkhuni zili pamutu. Koma mavoti atatu aja akangotchulidwa, maso onse kwa iwo. "Awiriwo ndi a Nelson ndi akazi awo," ankatero anthu. Za lachitatulo palibe ankafunsa.

Miseche sinkawadetsa nkhawa kwenikweni. A Nelson anali atayamba kutsokomola, chifuwa cha zaka zonse zija za m'chigafa, ndipo a Fainala ankafuna chinthu chimodzi chokha: amuna awo akadzamwalira, adzagone kumanda a m'mudzi ngati munthu. Kuno manda amakumba ndi adzukulu, ndipo mkulu wa adzukulu ndi a Tsoka, amenenso ndi tcheyamani wa chipani.

Chisankho china chitayandikira a Fainala anandiuza nzeru yawo.

"Feliya mng'ono wanga, ulendo uno ine ndi bambo akunyumba sitikavota. Aliyense aone kuti zala zathu zilibe inki. Atatuwo akatulukanso, adziwa kuti si ife."

Ndinawauza kuti anthu a pano simunawadziwebe, koma sanandimvere.

Tsiku lovota anakhala pabenchi kuyambira m'mawa, manja ali pamwamba pa beseni kuti wodutsa aliyense aone. Mavoti atawerengedwa, anatuluka atatu omwewo. A Fainala anasangalala ngati mwana, mpaka anandipatsa chitumbuwa chaulere. Mawa lake kunabwera a Tsoka, n'kuima akuyang'ana chala cha a Fainala chopanda inki chija.

"Ndiye mwatimana voti, mayi? Madzi athu mukumwa, dothi lathu mukulima, koma kuima nafe pamzere ayi. Chabwino, taona."

A Nelson anamwalira mvula ili mkati, nthawi yosoka fodya. Uthenga unapita kwa adzukulu m'mawa, koma dzuwa linafika pamutu popanda khasu ndi limodzi lomwe. Ndinapita ndekha kukafunsa. A Tsoka anati anyamata ali kuzigafa, fodya sadikira munthu. Kenako anawonjezera kuti amene anakana mzere wathu asayembekezere khasu lathu. Ndinawalalatira pamaso pa akazi awo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Munthu anathyolera nkhuni maliro a mudzi wonse, lero mwamuna wake agone m'nyumba chifukwa cha inki?

Galimoto yonyamula maliro kupita ku Phalombe ikanachokera kuti? Tsiku lotsatira matenanti a esiteti ina anabwera ndi makasu awo, n'kukumba kuseri kwa chigafa chakugwa chimene a Nelson ankasokeramo fodya. Tinali ochepa moti nyimbo yathu sinkamveka ndi mvula.

Kuyambira pamenepo nsalu ya chipani ija a Fainala anaisandutsa nkhata yosenzera beseni. Pamisonkhano sanavinenso. Loweruka lililonse ankapita kuchigafa kuja kukazula udzu.

Chisankho chapitachi ndiwo anali oyamba pamzere, ndodo ili m'manja. Atatuluka analunjika kwa a Tsoka, amene anaima pamsewu ndi anzawo, n'kuwaonetsa chala chakuda bii ndi inki.

"Bambo, ndavota. Madzulo akamawerenga mumvetsere bwino, atuluka anayi."

A Tsoka anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Mayi, msinkhu wanuwo. Mwaganizirapo za manda?"

"Ndi zomwezo ndaganizira," anayankha a Fainala. "Ndimaopa kuti mungandikhululukire n'kukandiika kumanda kwanu. Ine ndikagona kuchigafa, kuli a Nelson."