Khoma logona la bambo anga

Bambo anga anasema miyala moyo wawo wonse, koma anamwalira m'nyumba ya zidina. Ndikanena zimenezi abale amati ndisiye zakale. Sindisiya.

Ntchitoyi anaiphunzira kutsidya kwa malire asanabwere kuno kudzakwatira amayi. Makonde a nyumba za mabwana pa esiteti ya tiyi, masitepe, malo osonkhapo moto m'zipinda zawo zochezera, zonsezo zinadutsa m'manja mwawo. Mwala wa m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi wouma mutu. Iwo ankasonkha moto pathanthwe kuyambira m'mawa, dzuwa likafika paliwombo n'kuthirapo madzi ozizira a mumtsinje. Thanthwe linkalira ngati mfuti n'kung'ambika. Akatero ankakhala pansi ndi hamala ndi tchizulo, n'kumagogoda mpaka mwala uvomere.

Atapuma pantchito anati tsopano amange nyumba yawo. Kamangidwe kawo kanali kakekake. Sankasema miyala yofanana ngati njerwa ayi. Mwala uliwonse ankausiya ndi maonekedwe ake, n'kusema mnzake woti agwirane nawo, kenako n'kuyala yonse pansi pabwalo mwa dongosolo lake. Pofika chilimwe chachitatu, khoma lonse lakumaso linali litagona chagada pabwalo pathu, malo a chitseko ali apo, a mawindo awiri ali apo. Pakati pa mwala ndi mwala mpeni sunkalowa. Chinatsala n'kukumba maziko ndi kulidzutsa, mwala umodzi umodzi, uliwonse pambali pa mnzake yemwe anausemera. Ukasokoneza dongosolo, palibe khoma. Wangotsala ndi mulu wa miyala.

Anthu ankaseka, makamaka malume anga, mchimwene wawo wa amayi, amene analinso tcheyamani wa nthambi ya chipani m'mudzi mwathu. Bambo anali mkamwini, malowo anali a kuchikazi.

"Alamu," ankatero malume akamadutsa, "mkamwini n'kumanga ya miyala? Tikadzakuthamangitsani mudzaisenza pamutu?"

"Mudzagonamo ndinu, alamu. Mwina mvula idzaleka kukudontherani pamphuno."

Onse ankaseka, koma kuseka kwa malume kunkathera m'mano.

Tsopano ndinene mlandu wanga, musati ndikudziyeretsa. Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pasikelo yoyezera tiyi, munthu wa banja langa kale. Tsiku lina bambo anandiitana.

"Iwe unapita kusekondale. Upeze penti undilembere manambala kumsana kwa miyalayi. Maso anga ayamba chifunga."

"Loweruka likubwerali, bambo."

Loweruka ndinali ku Nkando, kumpira, kuchoka apo kumowa. Loweruka linalo chimodzimodzi. Kachitini ka penti ndinagula ndithu, kanakhala pansi pa bedi langa miyezi iwiri. Sukulu yonse ija, ntchito imodzi yokha imene bambo anandipempha kuti ndiigwire ndi sukuluyo, kulemba wani, thuu, firii pamwala, ndinailephera.

M'nyengo ya chiperoni kunamveka kuti nduna ina idutsa mumsewu wathu popita ku Milonde. Amene anakhalako masiku amenewo akudziwa chimene chinkatsatira. Msewu usesedwe, udzu ulambulidwe, mbali zonse ziwiri kundandalikidwe miyala yopakidwa laimu. Mudzi uliwonse unali ndi chigawo chake. Miyala inayenera kukatoledwa kumtsinje, koma kumtsinje n'kutali, kunja kukuzizira, kamvula kakuwaza. Malume anaganiza mwanzeru. Miyala yabwino, yosalala, yoyalidwa kale, inali pabwalo pa mlongo wawo, pafupi ndi msewu.

Anasankha tsiku limene bambo anapita kuchipatala cha mishoni kukatenga mankhwala a maso. Wina asandiuze kuti zinangochitika. Anabwera ndi achinyamata a chipani ndi thirakitala yobwereka. Amayi anali okha. Akanakana bwanji? Munthu yemweyo ndi mchimwene wawo, yemweyonso ndi chipani.

Ine ndinkachokera kuntchito panjinga madzulo. Ndinaona anthu akupaka miyala, sindinalabade. Kenako diso langa linagwa pa mwala wina wokhala ndi ngodya yosemedwa bwino, yolowa m'kati. Ndinaudziwa. Unali wa pakona ya windo la kumanzere. Ndinagwetsa njinga pakati pa msewu.

"Malume, miyala iyi mwaitenga kuti?"

"Aa, akalaliki afika! Tangobwereka, akalaliki. Nduna ikadutsa mutenga."

"Mwabwereka kwa yani? Mwini wake mwamuona?"

"Mwini dziko ndi boma. Kapena inu simukufuna kuti alendo aone chitukuko?"

"Chitukuko chake chiti? Kudzoza mwala ufa?"

Maburashi onse anaima. Malume anapukuta manja pang'onopang'ono pathalauza.

"Tabwerezani mawu amenewo, mphwanga. Anyamatawa sanamve bwino."

Ndinali nditanyamula kale ndowa ya laimu. Ndinkafuna kuwakhuthulira kumutu, ndipo mpaka lero mbali ina ya mtima wanga imadandaula kuti sindinatero. Dzanja lina linandigwira pamkono. Dzanja la munthu wogwira hamala silikusiya ukalikoka. Anali bambo, atangofika wapansi, kabotolo ka mankhwala kali m'thumba la malaya.

"Tsitsa ndowayo," anatero m'Chilomwe, motsitsa mawu. "Uli ndi ana. Alipo amene anapita chifukwa cha mawu ochepa kuposa akowa, sanabwere."

Kenako anatembenuka.

"Mwaswera bwanji, alamu? Mwapaka bwino."

"Taswera, alamu. Mwafika nthawi yabwino. Inu ndinu katswiri, tatiwongolerani mzerewu, anyamatawa akhotetsa."

Bambo anatulutsa chingwe chawo, chomwe ankayezera makoma a mabwana, n'kuchikoka m'mbali mwa msewu. Anawongola mzere wa miyala yawo yomwe. Ine anandipatsa burashi, ndipo ndinapaka. Ndinapaka mwala wa pawindo uja mbali zonse, mano ali gwa, ndikumva anyamata kutsogolo akuswa ikuluikulu pakati kuti mzere utalike ufike pamlatho.

Nduna inadutsa m'mawa mwake. Magalimoto anayi, magalasi otseka. Amayi a m'mudzi mwathu olandira alendo anali asanamalize ndime yoyamba ya nyimbo, magalimoto atapita kale.

Nanga kubweza? Malume anati tidikire, mwina alendo abwereranso njira yomweyo. Tinadikira milungu itatu. M'milungu imeneyo miyala inayamba kuyenda. Wina anatenga itatu kukachita mafuwa, wina wosalala wochapirapo zovala, ina ndinadzaiona patapita zaka itazungulira manda a munthu amene sitinkamudziwa n'komwe. Yotsalayo tinaituta pa wilibala, ine ndi bambo, maulendo osawerengeka. Yambiri inali yobenthuka m'makona chifukwa ankachita kuiponya kuchokera mungolo ya thirakitala ngati chinangwa.

Tinayesa kuitsuka. Laimu akalowa m'timaenje ta mwala wosema satuluka. Bambo ankaidziwa miyala yawo ndi mawanga ake, uwu wakuda pang'ono, uwu wa mzere wofiirira, uwu wonyezimira. Tsopano yonse inali yotuwa mofanana, ndipo maso awo anali atatha. Anayamba kuifufuza ndi manja. Ankatenga umodzi, kuusisita m'mphepete, n'kukwawa nawo pabwalo kuuyesa apa, kuuyesa apo. Mwezi wathunthu anagwirizanitsa miyala khumi ndi umodzi.

Apo m'pamene ine chitsiru ndinatulukira ndi kachitini kanga ka penti.

"Bambo, ndabwera ndilembe manambala aja."

Anapitiriza kusisita mwala umene unali m'manja mwawo. Akanandilalatira zikanakhala bwino, akanandimenya ndi mpini wa hamala ndikanathokoza.

"Ulemba pati?" anatero. "Kapake chitseko cha kwanu."

Malume anapitiriza kudutsa pabwalo, kupereka moni, kufunsa ngati khoma lidzuka chaka chino. Bambo ankayankha mwaulemu. Ine ndinasiya kuwapatsa moni malumewo, ndipo atadzamwalira, pamaliro pawo sindinagwire fosholo. Amayi anandidandaulira, azibusa anandiyendera. Ndinawauza kuti akandilembe m'buku la ochimwa, ndisaina ndekha.

Chaka chomwe chija cha nduna, mvula itayandikira, ndinafika kwa bambo Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Ndili patali ndinamva kugogoda, koma sikunali kugogoda kwa tchizulo. Kunali kwa hamala yokha, kofulumira, kopanda kupumira. Ndinawapeza atakhala pansi, miyendo atatambasula, mwala uli pakati, akuuphwanya timiyala ting'onoting'ono ta konkire, ntchito imene kale ankati ndi ya munthu amene manja ake sadziwa kanthu. Pambali pawo kamulu kanali katafika kale m'mawondo.

"Bambo, mukutani?"

"Amayi ako atopa ndi matope pakhomo. Tithira apa."

Ndinaima ngati mtengo. Anakoka mwala wina, waukulu, wa pamwamba pa chitseko, umene anausema milungu iwiri. Anausisita kamodzi ndi chikhato kufuna poyambira.

"Usangoima," anatero. "Hamala ina ili m'nyumbamo."

Ndinakaitenga.