Nkhope Mundibwereke

Ndakhala ndikupalira kokonati alamu anga a Lesieli chimwalirireni achimwene. Ine ndimapala, iwo amafinya n'kuphika mafuta odzola. Anthu ambiri muno mu Neiafu amadzola mafuta awo, koma a Lesieli sapereka botolo asanakuone nkhope. Amakutembenuzira kowala, n'kukukhudza pamphumi ndi chala. Wa khungu louma, lotuwa ngati langali, amamuuza kuti m'mawa asambe madzi okha, adzole timadontho tiwiri nkhope isanaume. Asodzi amayamba awakalipira kaye za kusavala chipewa padzuwa.

Chaka chatha kunabwera Mayi Kalolaine ndi Seini, mwana wa mlongo wawo. Ukwati wa Seini unali utatsala milungu isanu. Mtsikanayo anadziphimba thaulo kumaso, ndipo anali atanenetsa kuti ndi ziphuphu zimenezo m'tchalitchi salowamo.

"Mundipatse mabotolo atatu," anatero Mayi Kalolaine. "Awiri aja atha, nkhope ikungoipiraipira. Kapena mwayamba kuthira madzi?"

A Lesieli anachotsa thaulo lija pang'onopang'ono, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Mukumudzoza kangati?"

"Katatu pa tsiku. Inenso anandidzoza choncho pokwatiwa, onani mmene ndilili."

"Yanuyo imamwa mafuta ngati mchenga, mayi. Iyi imatulutsa akeake. Mukudzoza nkhumba yowotcha kale."

Seini anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Ine ndinasiya kupala. Kwathu kuno mawu a azakhali satsutsidwa, makamaka pa ukwati, ndipo Mayi Kalolaine anali atayamba kale kupinda chikwama chawo kuti azipita.

A Lesieli anawayalira mphasa yatsopano.

"Mwanayu ndi wanu, ndani sadziwa? Mikono, miyendo ndi tsitsi mudzoze nokha mpaka ntchentche iterereke. Koma nkhope yokhayi mundibwereke."

Mayi Kalolaine anakhala pansi. Anatenga botolo limodzi.

Zimene anauzidwa Seini zinali zochepa. Asambe kumaso m'mawa ndi madzulo ndi sopo wofewa wopanda fungo. Akhale ndi thaulo lakelake, nsalu ya pilo azichapa pafupipafupi. Potuluka adzole mankhwala opepuka oteteza ku dzuwa, ogula kogulitsira mankhwala. Ziphuphu asafinye. Lachiwiri lililonse ankabwera kudzaonetsa, ndipo a Lesieli ankayamba kumuyang'ana zikhadabo kuti aone ngati wakhala akufinya.

Mlungu wachiwiri zinakhala ngati sizikusintha, mtsikana analira. A Lesieli sanawonjezere kanthu. Anangomupatsa chinangwa chophika, n'kumuuza kuti khungu silimva kukalipiridwa.

Pa tsiku la ukwati ziphuphu zitatu zinatsalabe pachibwano. Seini analowa m'tchalitchi atadzutsa mutu, mikono ili phuliphuli. Panja, Mayi Kalolaine ankauza amayi anzawo kuti mwana amamukonza ndi azakhali ake, katatu pa tsiku.

"Si choncho, a Lesieli?"

"Manja anu ndi odala, mayi," anayankha alamu anga, n'kupita kukathandiza kugawa zilazi.