Magazi a Mudzi Wonse M'zala Zanga

Dotolo wa Chipwitikizi amene ankafufuza malungo ku Cuamba anandituma kumudzi wina wa ku Mandimba kukatenga magazi a anthu pa timagalasi. Ndinafika mwezi wa Ramadani, ndipo onse anakana. Bambo ena, akunjenjemera ndi malungo pamkeka, anabisa dzanja lawo. "Achimwene, tikusala. Mubwere mwezi ukaoneka."

Ndinaopa kubwerera chimanjamanja. Kuseri kwa nkhokwe ndinadzibaya ndekha, chala ndi chala, mpaka timagalasi tonse titapakidwa. Pobwerera, njinga ndinkaigwira ndi zikhatho.

Dotolo atayeza anamwetulira. "Mudzi uwu ulibe malungo. Kwinini apite kwina."

Ndinavomera, nditabisa manja m'thumba. Za bambo aja sindinafunsepo. Ndikapita ku Mandimba ndimadzera njira ina.