Mbewu Imene Ndinapita Nayo ku Chionetsero

Ine ndinabadwira m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, ndipo mpaka pamene ndinkakwatira ndinali ndisanalimepo munda woti n'kuutchula munda. Bambo anga anali msodzi. Kwathuko bwato likafika padoko, munthu wamkulu n'kuima pafupi n'kunena kuti, "Koma lero mwapha," sumayankha ndi pakamwa pokha. Umatapa matemba ndi manja awiri n'kumuthirira m'thumba. Akakana umakakamira, poti kukana koyamba ndi ulemu chabe. Sutaya kanthu, mawa nyanja ikupatsanso. Ndinakula nawo mwambo umenewu osadziwa n'komwe kuti ndi mwambo.

Ndinakakwatira ku Rivirivi, m'boma la Balaka, ndipo ndinkakhala kwawo kwa akazi anga monga mkamwini. Nthenda yanga inali imodzi, Loweruka. Kukamveka mpikisano wa njinga, ine ndafika. Kuli beni, ndafika. Abwera anyamata oonetsa njinga zamoto pabwalo la mpira, ine ndaima kale kutsogolo, m'mutu muli mbuu ndi fumbi. Akazi anga ankati mapazi anga amamva ng'oma msanga kuposa makutu. Sindinkatsutsa.

Kenako kunagwa njala. Mvula inadula chimanga chikungoyamba kumasula, ndipo munda wonse unatipatsa madengu awiri. Pofika nyengo yotentha tinkadya kamodzi patsiku, kawirikawiri madeya okhaokha, ife ndi ana athu awiri aakazi. Za Loweruka zinatha zokha. Ovina beni analibe mphamvu zodumphira, ndipo opikisana pa njinga anali atasinthitsa njingazo ndi chinangwa.

M'nyumba mwathu munatsala chinthu chimodzi chosakhudzidwa. Kudenga kwa khitchini, pamwamba penipeni pa mafuwa, panalendewera mtolo wa ngala za chimanga, zomangidwa ndi makoko ake, zakuda bii ndi mwaye kuti anankafumbwe asazilowe. Imeneyi inali mbewu yathu. Chinali chimanga cha makolo, cha maso olimba, chimene apongozi anga aakazi anachokera nacho kwa Mposa ali mtsikana. Chaka chimenecho akazi anga anachita kuyenda phesi ndi phesi kuti apeze ngala zokhwima zokwana mtolowo. Ana akalira ndi njala ankayang'ana kudenga, ndipo amayi awo ankawauza kuti, "Chimenecho si chakudya. Ndi chaka chamawa."

Tsiku lina Lachitatu mlangizi wa zaulimi anafika pa njinga. Atapatsidwa mpando anayamba ndi ine.

"Achimwene, Loweruka lino kuli chionetsero cha zaulimi ku Balaka, koma tebulo la dera lathu palibe choikapo. Ndamva kuti muno muli chimanga chooneka bwino. Mungotibwereka tsiku limodzi. Wopambana alandira thumba la feteleza."

Akazi anga anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. "Iyayi, alangizi. Mbewu siyenda ulendo. Imatuluka m'nyumba tsiku lobzala."

Mlangizi sanakakamire. Koma ndikumuperekeza anandiuza kuti kubwera mathirakitala, magalimoto atsopano ndi bandi, ndipo oonetsa zinthu adzatengedwa pa lole. Ndikanakonda kulemba kuti chinandikopa ndi feteleza. Bodza limenelo ndalinenapo kwa anthu ambiri, pano ayi. Ndinali nditatha miyezi osaona Loweruka, ndipo mtima unkandiyabwa.

Loweruka m'mamawa akazi anga anapita ku ganyu yothirira dimba la munthu wina kumtsinje, ana ali pambuyo. Ndinakwera pamtondo, n'kumasula mtolo uja. Ndinapukuta mwaye ndi kansanza mpaka maso a chimanga anayamba kuwala, n'kuika m'thumba. Mumtima ndinkati dzuwa lisanalowe ndikhala nditabwezeretsa.

Pabwalo panali fumbi ndi anthu ochuluka, ambiri malamba atakhwefuka. Mathirakitala awiri ofiira anaima pakati, matayala atapakidwa mankhwala owalitsa. Pambali panali magalimoto atsopano otsegulidwa kutsogolo kuti tione injini. Mnyamata wovala ovololo ankati akaliza imodzi, ife m'manja. Akazimitsa, timadikira kuti alizenso. Kumbuyo kwa mahema amayi ena ankatola makoko a nthochi amene alendo ataya. Ndinawaona, koma maso anga anabwerera ku thirakitala. Anandilola kukhala pampando wake pang'ono, ndikugwira chiwongolero, ndipo ndinaseka ngati mwana. Ndikuvomera kuti ndinasangalala tsiku limenelo, mimba ili pululu.

Patebulo pathu panali maungu atatu ofota ndi chinangwa chimene mlangizi anachita kugula pamsika. Chimanga chathu chinali pakati, ndipo anthu ankaima n'kuchiyang'ana mwakachetechete.

Dzuwa litapendeka mlendo wolemekezeka anayamba kuyendera matebulo. Anali bwana wina wochokera kumzinda, wa imvi, wojintcha, atazunguliridwa ndi omutsatira ndi ojambula. Atafika pathu ananyamula ngala imodzi, n'kuitembenuza, n'kuinunkhiza.

"Bambo, chimanga ichi n'chanu?"

"Eya, bwana."

"Koma ndiye mwalima. Chaka ngati chino? Chimanga chotere ndinachiona komaliza ndili mwana, m'khitchini mwa amayi anga. Fungo la utsi lomweli."

Munthuyo sanapemphe kanthu, ndisamunamizire. Anangoyamikira. Koma ine ndinamva mawu a padoko aja, akuti lero mwapha, ndipo manja anga anayenda okha.

"Tengani, bwana, mukalaweko."

"Iyayi, bambo, musavutike."

Mlimi weniweni akanathokoza n'kukhala chete pamenepo. Ine mwana wa msodzi ndinamva kukana koyamba, kumene kwathu sikuwerengedwa.

"Kupatsa n'kuika, bwana. Musandichititse manyazi pagulu."

Ndinanyamula mtolo wonse ndi manja awiri, n'kunyonyomala pang'ono. Anthu anaomba m'manja kuposa mmene anaombera injini ija. Bwanayo anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kuuza khamulo kuti umunthu ukadalipo ngakhale pa njala. Womutsatira wina analandira mtolowo n'kupita nawo ku galimoto. Nditacheuka ndinapeza mlangizi akundiyang'ana kukamwa kuli yasa, ndipo mpamene ndinazindikira chimene ndachita.

Nthawi yokonza zinthu inalipo. Galimoto ya bwanayo inaima pamthunzi mpaka zolankhula zonse zitatha, dalaivala akusinza mkati. Ndinapita n'kuima pafupi. Chimanga ndinkachiona pagalasi lakumbuyo, chili pambali pa nkhuku ziwiri zomanga miyendo ndi dengu limene ena anapereka. Kunali kungogogoda n'kunena kuti pepani, ndalakwitsa, imeneyo ndi mbewu ya akazi anga. Mwina akanandibwezera. Koma ndinaganiza za m'manja muja, ndi za anthu amene akanandiona ndikubwerera nacho chimene ndapereka nditanyonyomala. Ndinazungulira galimotoyo kawiri ngati ndikuisirira, monga ndinkachitira ndi magalimoto onse, mpaka inanyamuka.

Feteleza anapita ku kalabu ina ya alimi. Ine anandiitana pa chimkuzamawu n'kundipatsa khasu latsopano ndi pepala lonena kuti ndine mlimi wachitsanzo.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Akazi anga anali m'khitchini, ataima, akuyang'ana chingwe chimene chinatsala kudenga.

"Bambo a ana, chili kuti?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pamtondo. Ndinkayembekezera kuti andilalatira mudzi wonse umve, ndipo ndikanakonda zikanatero. Iwo anangofunsa kuti, "Anakulandani?"

"Ayi."

"Anapempha?"

"Ayi, mayi a ana. Ndinapereka ndekha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutenga chidebe kupita kukatunga madzi.

M'mawa mwake ananyamuka wapansi kupita kwa Mposa, kwa abale a amayi awo, kukafuna mbewu ya mtundu womwewo. Anabwerera patatha masiku anayi, mapazi atatupa, m'manja mulibe kanthu. Onse kumeneko anali atadya mbewu zawo kalekale. Zinaoneka kuti m'banja lonse amene anapirira kulira kwa ana mpaka pamenepo anali akazi anga okha. Ine ndinapita kwa mlangizi kuti andithandize kumupeza bwana uja. Anati kumzinda n'kutali, ndipo chimangacho mwina anadyetsa kale nkhuku zija.

Apongozi anga sanandinyoze pamaso. Ndinangomva akuuza mnzawo kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mwambi umenewo ndinkaudziwa, koma tsiku limenelo unandipweteka, poti mlamba ndinkaudziwa bwino kuposa chimanga.

Mizere tinali titaunga kale, munda wonse. Mvula yoyamba inagwa Lachisanu masana, yamphamvu, yonunkhira dothi. Loweruka kutacha anthu anatuluka ndi timbale, aliyense ndi kochepa kamene anasunga, ena kodzaza manja awiri okha. Ife tinakhala pakhonde tonse anayi. Mwana wamng'ono anafunsa ngati chaka chamawa chija chafika.

Akazi anga anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi khasu latsopano lija, pepala la kusitolo likadali pachitsulo, n'kuliika pamiyendo panga mwaulemu, ndi manja awiri.

"Mvula yagwa, alimi achitsanzo. Pitani mukabzale."

Ndinapitadi kumunda, poti pakhondepo panali posakhalika. Ndinayenda mzere ndi mzere, khasu lili paphewa, dothi likumata kumapazi. Anthu odutsa m'njira ankandipatsa moni n'kufunsa ngati ndayambapo kubzala, ndipo ine ndinkayankha kuti eya.